Kansalu ka Mizere Itatu

Limbe
21 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Stephano,

Moni kwa inu ndi onse pakhomopo. Muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kutsika kudimba, kapena akungolamula ali pakhonde? Ndinamva kuti chifuwa chinakugwirani mwezi wathawu. Ndikhulupirira kuti chinathadi, chifukwa inu mankhwala mumamwa masiku awiri n'kulengeza nokha kuti mwachira. Ine kuno ndikudzuka, ndikuyenda, kuntchito ndikupita. Koma kunena kuti ndili bwino sindinena, mumva nokha m'munsimu.

Musadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho foni muli nayo. Foni yanuyo ndi ya mudzi wonse: ikalira, alamu ali pomwepo, amayi atchera khutu, ana akukanganirana kuti alankhuleko. Nkhani iyi ndikufuna iyambe yafika kwa inu nokha. Komanso mu envulopu muno muli kanthu kofunika kukagwira ndi manja. Ndapatsira a Samueli, oyendetsa lole aja, akuti adutsa pa Mponela Lachiwiri ndipo akuimbirani kuti mukumane. Mukaiwerengere kumunda, muli nokha.

Za kuno, chiperoni chatikhalira sabata yachiwiri tsopano. Kumacha kuli nkhungu ndi kamvula kowazawaza, zovala pachingwe osauma. Kumandikumbutsa Juni wa kwathu, nkhungu ikatsika m'phiri la Ntchisi n'kuphimba zigafa mpaka mbuzi kukana kutuluka m'khola. Magetsi nawo akuzimazima. Eni nyumba anabwera kudzakonza denga lija, koma anakonza mbali yomwe sinkadontha, ndiye beseni lidakali pamalo ake. Mtedza munanditumizira uja unafika, ndinagawirako anzanga, ndipo akuti wa kwathu ndi wonona kuposa wa kuno.

Ntchito yanga simunaionepo, ndipo mumangouza anthu kuti mlongo wanu ndi telala. Si utelala, achimwene. Ndiloleni ndikufotokozereni pang'ono, apo ayi simumvetsa chomwe chikundidya.

Pashopu pa abwana athu, a Amini, pali makina aakulu osoka mabaji ndi zilembo pa malaya, zipewa ndi mayunifolomu. Kutalika kwake ngati ngolo ziwiri zolumikiza. Ali ndi mitu isanu ndi umodzi yondandalika, timaitchula ndi manambala, wani mpaka sikisi. Mutu uliwonse uli ndi singano khumi ndi ziwiri, ndipo mitu yonse imasoka chinthu chimodzi nthawi imodzi. Chojambula chimachokera m'kompyuta, koma kompyuta sidziwa kuti singano yabuntha kapena ulusi wathina. Zimenezo ndi za ine. Chino ndi chaka chakhumi ndi chimodzi ndikusamala makina amenewa, ndipo a Amini amanena pamaso pa makasitomala kuti makinawa amamvera Rakele kuposa mwini wake.

Loweruka ndilo tsiku lowasamalira. Ndimatsegula kunsi kwa mutu uliwonse, kuchotsa tiubweya ta ulusi ndi kabulashi, kenako kudontheza mafuta pa kachitsulo kozungulira kamene kamakola ulusi. Dontho limodzi, osati awiri. Mafuta akachepa chitsulo chimatentha, ulusi n'kumangoduka. Akachuluka amakwera ndi ulusi n'kukathimbirira malaya oyera a eni ake. Ndikatero ndimasintha singano zobuntha. Singano ya makinawa ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, kamzere kake kayenera kuyang'ana kwa iwe ndendende, ndipo ikapotoka pang'ono chabe imayamba kudumpha. Pomaliza ndimayesa bobini, kachitsulo kosungira ulusi wapansi. Ndimakalendewetsa pa ulusi wake n'kugwedeza dzanja, kayenera kutsika pang'ono ngati kangaude n'kuima. Kakatsetsereka mpaka pansi ndiye kuti kakhwefuka.

Koma chomwe chinanditchukitsa ndi tizilembo ting'onoting'ono. Chilembo chachikulu aliyense asoka. Mawu aja amakhala kunsi kwa baji ya sukulu, osaposa njere ya mpunga kutalika, amenewo ndiye amafuna ulusi wopyapyala, singano yopyapyala, makina kuwachepetsa liwiro, ndi munthu woima pomwepo maso ali pansalu. Chilembo ngati a kapena e chili ndi kabowo pakati. Kabowoko kakatsekeka ndi ulusi, mawu onse amangooneka ngati mzere wa nyerere. Mashopu ena ntchito yotere amaikana, ife timailandira chifukwa cha ine. Sikuti ndikudzitama. Chabwino, ndikudzitama pang'ono, mundilole, mwina ndi komaliza.

Zinayamba chaka chatha cha mu Okutobala. Pa mutu uliwonse pali kagetsi kofiira kamene kamayaka ulusi ukaduka. Kale ndikaima pakati ndinkakaona ndi m'mbali mwa diso ngakhale kayake kumapeto kwenikweni, dzanja n'kufikapo nthawi yomweyo. Tsopano makina akaima ndimachita kutembenuza khosi lonse, uku ndi uku, kufunafuna. Wani ndi sikisi, mitu ya kumapetoyo, zili ngati anaisamutsira m'chipinda china. Kenako ndinayamba kugunda phewa pachitseko cha shopu, chitseko chomwe ndalowa zaka zonsezi. Tsiku lina wanjinga anandikhula pamsika n'kunditukwana kuti ndiziyenda ndi maso. Ndinamubwezera mokwanira, mukundidziwa, koma kunena zoona sindinamuone akubwera.

Ndinagula magalasi pamsika, aja amayala pansi umayesa powerenga nyuzipepala. Anandithandiza kulowetsa ulusi pasingano, koma za m'mbalizo sanazisinthe. Dontho la mafuta nalo ndinasiya kuliona likugwa. Ndimangofinya kabotolo n'kukhulupirira, kaya lagwa limodzi, kaya atatu, kaya silinagwe n'komwe. Tizilembo tija ndinayamba kutiyendetsa chikhadabo pamwamba kuti ndimve ngati kabowo kalipo. Tsiku lina m'minibasi ndinatseka diso lamanzere ndi dzanja kuti ndiyese lamanja lokha. Ndinaona khosi la munthu wakutsogolo kwanga, koma mayi amene anakhala pambali panga, phewa lake likukhudza langa, kunalibe. Ndinachotsa dzanja msangamsanga ndipo sindinayesenso.

Pamakinapo timagwira awiri, ine ndi Debora. Ndi mayi wa ana atatu wa ku Mulanje, msinkhu wanga womwewu, ndipo takhala limodzi zaka zisanu ndi ziwiri. Makinawa ndinamuphunzitsa ndine. Iye ndi wa Sabata, choncho Loweruka sabwera, kusamala makina kumakhala kwa ine ndekha.

Sindikudziwa kuti ndinayamba liti, koma ndinangopezeka ndili ndi chizolowezi chatsopano. Baji yoyamba ikatuluka ndimaipereka kwa Debora n'kumuuza kuti ayang'ane, anene ngati pali cholakwika, ndione ngati anaphunziradi. Iye amanena, ine n'kuvomera ngati ndinaona kale. Achimwene, mawu amenewa mukuwadziwa. Tsiku lomwe ndinadzimva ndekha ndikuwanena, ndinakakhala pa katoni ya ulusi.

Ndi mawu a bambo m'chigafa. Mukukumbuka chaka chija anayamba kusankhira fodya pakhomo penipeni pofuna kuwala, tsamba lili pafupi ndi mphuno, akulisisita ndi zala? Ankandiitana kuti Rakele tabwera, tsamba ili lipite mulu uti, ndione ngati sukulu ya m'chigafa ikukulowa. Ine n'kumanyada kuti akundiyesa. Amayi ndiwo anatiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kutiuza kuti bambo anu sakuona bwino, koma wina asayerekeze kuwauza, chifukwa mwamuna ukamulanda ntchito ya manja ake wamutsiriza. Ndiye tinkadikira apite kudimba kapena kumphakati, ife n'kumasula ndindi zonse zomwe amanga, kusankhanso masamba, ofiira kwa ofiira, owala kwa owala, n'kumanganso mofanana ndi kamangidwe kawo. Akabwera ankagwira mulu n'kufunsa ngati uli bwino, ife tonse n'kuyankha kuti uli bwino bambo, dzanja lanu silinasinthe. Akagunda nsanamira ya chigafa tinkati nsanamirayo ndiyo inazikidwa panjira. Zaka ziwiri zathunthu tinachita zimenezo.

Mu Meyi kunabwera kasitomala atakwiya, ndi makoti oyera a ophika a kuhotela ina. Pa makoti asanu panali banga la mafuta pafupi ndi dzina. A Amini anatiitana n'kufunsa kuti wathira mafuta ndani. Ndisanatsegule pakamwa, Debora anati ndi iye, anawonjezera Lolemba m'mawa osandiuza. Anamukalipira ndithu, ine ndili pomwepo, ndipo mumtima ndinati n'zoona, mayi ameneyu dzanja lake ndi lolemera. Ndinamupatsanso malangizo, inu, kuti dontho ndi limodzi. Ndikakumbuka zimenezi ndimafuna nthaka itandimeza.

Zoona zake ndinazidziwa Lolemba lapitali. Ndinalawira kuposa masiku onse chifukwa aneba anandikweza pagalimoto yawo. Kutsogolo kwa shopu kunali kotseka, koma chitseko chakumbuyo chinali chotsegula pang'ono, getsi likuyaka. Ndinasuzumira. Debora anali atawerama pa mutu wa sikisi, akumasula singano zomwe ndinamanga ine Loweruka n'kumazitembenuza imodzi imodzi. Atatha anagwada, natenga kansanza n'kupukuta kunsi, ndipo kansanzako kanatuluka konyowa ngati kagwera m'chiwaya. Anapita pa faifi, chimodzimodzi. Pambali pake panali jumbo ya mabaji amene ine ndinawavomereza Lachisanu kuti ali bwino. Anali atawapatula kuti awasokenso ine ndisanafike.

Miyezi yonseyi wakhala akundiuza kuti amalawira pothawa mzere wa minibasi.

Sindinalowe. Ndinabwerera chambuyo, ndinakazungulira kumsika, n'kukaima pa ogulitsa mbatata ngati ndikufuna kugula, mpaka nthawi yanga itakwana. Nditalowa anandilonjera monga mwa masiku onse. Ndinamufunsa dala ngati makina ali bwino. Anayankha akumwetulira, osaphethira n'komwe.

"Ali bwinobwino, asisi. Inu mukagwira Loweruka, Lolemba timangoyatsa basi."

Nkhope imeneyo ndinaidziwa, ndi yomwe ine ndinkawaonetsa bambo. Ndinapsa mtima tsiku lonse. Ndinamukalipira pa nkhani ya sizasi yomwe sanaitaye n'komwe, ndinali nditaikhalira ndekha. Poweruka, ndili m'minibasi, m'pamene misozi inabwera, mpaka kondakitala anafunsa ngati kwagwa zovuta. Debora si woipa, achimwene. Akundikonda monga momwe ife tinkawakondera bambo, ndipo chimenecho ndicho chikundiopsa.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, Lachinayi a Amini anatiitana tonse awiri. Akuti shopu yawo yatsopano ya ku Lilongwe yatha kukonzedwa, makina afika, ndipo Debora apite akaiyambitse pa 5 Ogasiti. Ine nditsala ndi makina akuno, adzandipezera munthu wongodula ulusi ndi kupinda zovala. Anawonjeza mosangalala kuti sukulu zitatu zabweretsa ntchito ya mabaji a Sepitembala, onse a mawu ang'onoang'ono kunsi, ndipo anawalonjeza eni ake kuti kwa Rakele sikutuluka chilembo chotsekeka. Debora anayang'ana pansi. Anayesa kunena kuti ana ake ali pasukulu kuno, mwina apite wina, koma abwana anati nyumba yapezeka kale, za sukulu athandiza. Potuluka anandigwira dzanja n'kulifinya. Kaya akudziwa kuti ndinamuona, kaya.

Kwatsala masabata awiri kuti anyamuke. Akapita, Lolemba m'mawa sikudzakhalanso wotembenuza singano zanga.

Ndikuopa, achimwene. Ndikuopa kuwauza a Amini. Ndi munthu wabwino, anandipatsa mwezi wathunthu nthawi ija amayi anagonekedwa m'chipatala ku Boma, ndipo pa Idi satiiwala, koma ubwino wawo sungaime pamakina m'malo mwa maso anga. Ndikuopanso kukhala chete, chifukwa tsiku lina mabaji mazanamazana adzabwezedwa, dzina lomwe ndalisamala zaka zonsezi n'kugwa tsiku limodzi. Kapena ndidzalowetsa chala pansi pa singano ndikuyesa makina aima. Singano zimenezi sizifunsa, zimaboola chikhadabo ndi fupa lomwe, ndinaonapo zikuchitikira munthu.

Koma choposa zonse ndikuopa chipatala. Kawiri konse ndafika pageti, kawiri konse ndabwerera. Ulendo woyamba ndinaona mzere n'kunena kuti ndichedwa kuntchito. Ulendo wachiwiri panalibe mzere, koma ndinaona bambo wina wachikulire akutuluka atagwira phewa la mwana wake wamkazi, akuyenda mokweza mapazi monga ankayendera bambo. Ndinatembenuka pomwepo, n'kukagula kabichi kuti ulendowo usaoneke wachabe. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Bambo zinawayamba ali ndi zingati? Ndikayamba kuwerengera ndimasiyira panjira, sindifuna kufika pa yankho. Ndikaganiza za Roza, mwana wanga amene mukundilerera kumeneko, kuti mwina phewa limenelo lidzakhala lake asanamalize ndi sukulu yomwe, chakudya chimakana kutsika.

Pena ndimadzitonthoza kuti mwina ndi kutopa chabe. Mwina Debora ndi munthu wokonda kukonzakonza zinthu zabwinobwino, mwina singanozo zinali zowongoka. Lero ku Misa ndinakhala ndikudziuza zimenezi mpaka nthawi ya mtendere, pamene mayi wa kumanja kwanga anachita kundigwedeza mkono. Akuti anali atatambasula dzanja kalekale, ankayesa ndamukwiyira.

Tsopano ndifike pa inu. Chaka chachitatu chija, bambo atagwa ndi njinga pamtsetse wa kumlatho akupita ku Mponela, inu munalowa m'chigafa tonse tili momwemo. Munawauza kuti fodya amene anthu akhala akuwayamikira naye zaka ziwiri, omusankha ndi ana awo, kuti maso awo akutha, ndipo mawa mukuwatengera kuchipatala afune asafune. Amayi anagwira pakamwa. Bambo anaika tsamba pansi pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa ine, osati kwa inu.

"Rakele, n'zoona zimenezi?"

Ndinathawa. Ndinakakhala kudambo mpaka dzuwa kupendeka. Iwo m'chigafa sanalowenso, anakhala pakhonde zaka ziwiri, manja ali pamaondo, mpaka tsiku lomwe anatisiya.

Ndinakudani, achimwene, ndipo mukudziwa. Pamaliro ndinakupezani kuseri kwa nyumba n'kukuuzani kuti mwawapha ndi pakamwa panu. Inu munangopitiriza kuwaza nkhuni. Zaka khumi ndi zisanu zadutsa. Timalankhulana, timaseka, mwana wanga akudya m'mbale imodzi ndi ana anu, koma mawu amenewo sindinawabweze, ali pomwe ndinawasiya.

Chomwe ndakhala ndikukana kukumbukira ndi zomwe adokotala a maso ananena tsiku lomwe munawapititsa. Munabwera nazo ndinu, ine n'kutseka makutu. Akuti matendawo amadya mwakachetechete kuyambira m'mbali, osapweteka, ndipo chomwe chapita sichibwerera. Koma akanabwera msanga, pali mankhwala odontheza m'maso amene akanasunga chotsalacho. Akuti anachedwa ndi zaka ziwiri. Ndi zaka ziwiri zomwe zija ife tinkamasula ndindi. Ananenanso kuti amayenda m'magazi, ana awo tiziyezetsa. Inu munayezetsa, ine ndinati achipatala amakonda kuopseza anthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinali wamakani, ndipo makani amenewo ndi omwe andifikitsa pano.

Mwina mufunsa kuti ngati ukudziwa zonsezi, nanga ukudikiranso chiyani. Inenso ndimadzifunsa. Ndine mwana wa bambo anga, basi. Mpaka munthu wosadziwa kunama andiuze mosapsatira, miyendo yangayi ipitiriza kubwerera pageti. Kuno munthu woteroyo ndilibe. Debora adzandinamiza chifukwa chondikonda. A Amini ndikawafunsa ndiye kuti ndaulula kale. Anzanga a kwaya nkhani ikawafika Lamulungu, Lolemba ili pamsika.

Choncho pempho langa ndi limodzi. Mu envulopu muno muli kansalu koyera. Ndakasoka dzulo, Loweruka, nditatha kusamala makina ndekha, pa mutu wa sikisi, Debora asanaukhudze. Mafuta ndinathira ndine, singano ndinamanga ndine, bobini ndinayesa ndine. Pali mizere itatu ya mawu, ya ulusi wakuda. Woyamba ndi wokulirapo, wachiwiri ndi wa msinkhu wa mabaji a sukulu aja, wachitatu ndi waung'ono kuposa yonse, umene kale ndinkautulutsa ndikucheza. Ndakayang'ana ndi magalasi, popanda magalasi, pazenera, panja. Pena ndimaona ngati kali bwino, pena ayi. Vuto ndi loti mawuwo ndikuwadziwa kale, ndiye sindikudziwa ngati ndikuwaonadi kapena ndikungowakumbukira.

Mukatulutse panja dzuwa lili pamutu, monga mumachitira ndi tsamba lokayikitsa. Muone ngati tibowo ta zilembo tili totseguka, ngati pali pomwe singano inadumpha, ngati pali banga la mafuta m'mbali mwa mawu. Mukatembenuzenso kumbuyo: pakati pa ulusi wakuda payenera kudutsa kamzere koyera kowongoka pa chilembo chilichonse. Mukatha mukwere pachulu paja pamagwira netiweki, mundiimbire, mundiwerengere mizere iwiri yoyambayo. Zomwe ndalembapo sindikuuzani, kuopa mungandithandize pongoganizira. Alamu musawaonetse, ali ndi mtima wofewa, adzakuuzani kuti munene kuti kali bwino.

Mukanena kuti kaipa, ndikulonjeza pamaso pa Mulungu kuti m'mawa wake ndikalowa pageti paja, ndipo pochokera kumeneko ndikakhala pansi ndi a Amini, Debora asananyamuke. Ndikawauzanso za makoti aja, kuti mafuta anali anga. Mwina angandisiye pa ntchito yodula ulusi ndi kupinda, mwina ayi. Mwina mudzangondiona ndikutsika pa Mponela ndi katundu pamutu. Mukanena kuti kali bwino ndidzakhulupirira, chifukwa wanena ndinu. Koma ndikukudziwani, mudzanenabe kuti ndipite kuchipatala, ndipo ulendo uno makutu sinditseka.

Amayi musawauze kaye. Ndikudziwa kuti ndikukupemphani kubisa, ine yemwe ndangomaliza kudandaula za kubisa, koma ndi masiku ochepa chabe. Ndikamva zomwe achipatala anene, ndidzawauza ndekha ndi pakamwa panga. Ndipo musawaimbe mlandu pa za bambo, anachita zomwe mtima unawauza, ndipo ine ndinkamasula ndindi mwachangu kuposa aliyense.

Muwapatse moni amayi, muwauze kuti asamanyamule ndowa ndi mwendo umenewo, ana alipo. Moni kwa alamu ndi ana onse. Roza mumuuze kuti juzi yake ya sukulu ibwera ulendo wina, dzina ndamusokera ndi zilembo zazikulu, asadandaule kuti zikuonekera patali. Moni kwa malume a Moffat ndi akumpando awo, ndipo mukapita ku Nachisaka mukawalonjere azakhali, ndinamva kuti adzukulu awonjezeka.

Kwatsala mzere wachitatu. Umenewo musavutike kundiwerengera pafoni. Ndi waung'ono kwambiri, ndipo mtima ukundiuza kuti ndi umene watsekeka. Ndinausoka chifukwa pakamwa panga pakhala pakukanika zaka khumi ndi zisanu, ndinkati mwina singano indinenera. Koma ngati singano nayo yandikanika, sindikufuna mawu amenewa atayike mu ulusi, ndiye ndikuwalemba pano ndi zilembo zomwe ndikutha kuziona ndekha.

MUNACHITA BWINO KUWAUZA BAMBO. NDIKHULULUKIRENI. INENSO MUNDIUZE.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse. Kuyambira Lachiwiri foni ikhala m'thumba la epuloni yanga.

Ine mlongo wanu,
Rakele